Momwe mungayendetsere bwalo la alembi: kuthandiza anthu kulemba za iwo eni popanda kudzivula pagulu

Mwaitana anthu ndipo abwera. Mwawagawira makope ndi mabolopeni, mwalemba pabolodi funso lakuti "Ndine yani?" n'kuwauza kuti aliyense alembe nkhani. Ola likatha mumatolera zinthu za mitundu itatu. Ambiri alemba chimangirizo cha kupulayimale: dzina langa ndine uje, ndimachokera m'mudzi mwakuti, mfumu yaikulu yakuti, ndiwo zomwe ndimakonda ndi nyemba. Ena alemba ulaliki, vesi ndi Ameni womwe. Ndiye pamakhala mmodzi, kawirikawiri uja anakhala kumbuyo osayankhula, amene wakhuthula chinsinsi chonse cha pakhomo pawo, mayina osabisa. Pofika Lolemba nkhani ija ili pamjigo. Loweruka linalo mpando wake uli wokha.

Zitatu zonsezi zandionekera kuno ku Mulanje, ndipo wolakwa ndinali ine wofunsane. Funso limenelo lili ngati dzuwa la mu Okutobala, ukaliyang'ana maso ndi maso umangotuluka misozi osaona kanthu. Agogo athu ankaidziwa njira yake. Akafuna kunena za mfumu yadyera ankayamba ndi "padangokhala", ife "tili tonse", mlandu wonse n'kumusenzetsa Fisi. Aliyense ankadziwa amene akunenedwa, koma panalibe womugwira pakamwa wokambayo. Nkhani yopeka ya masiku ano imagwira ntchito yomweyo, kungoti Fisi wake amakwera kabaza ndipo ali ndi foni.

Malangizo awa ndi a bwalo lokumana Loweruka lililonse kwa milungu 6, maola awiri ndi theka pa tsiku, kuti pomaliza aliyense atuluke ndi nkhani imodzi yaifupi yomwe angaiwerenge pagulu osaopa kukafika kunyumba.

## Zofunika kukhala nazo

- Chipinda chotsekeka: kalasi ya pasukulu, chipinda cha ku TDC (malo a maphunziro a aphunzitsi m'dera) mukapempha kwa a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale), kapena kachipinda ka kutchalitchi. Pansi pa mango m'pabwino pocheza, koma palibe angawerenge za malume ake pamene mnzawo wa malumewo waimika njinga chapafupi n'kumamvetsera.
- Kope limodzi munthu aliyense, lake lake.
- Mabolopeni oposa chiwerengero cha anthu. Amasowa okha.
- Choko ndi bolodi.
- Wotchi, kapena foni yowerengera mphindi.
- Lichero kapena katoni yoponyamo mapepala. Ntchito yake muiona pa sitepe 7.
- Nkhani zaifupi ziwiri zodula munyuzipepala, monga mu Tikambe ya mu Malawi News kapena Tamvani ya mu Weekend Nation. Imodzi ikhale yomwe mumaikonda, inayo yomwe inakutopetsani.
- Tiyi ndi chinangwa chophika kapena mbatata. Wanjala amalemba mizere itatu n'kuyamba kuyang'ana kukhomo.
- Nambala 116, yomwe ndi yaulere yothandiza ana, komanso kudziwa kumene kuli ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma ndi nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa.

Kompyuta siyofunika pakadali pano.

## 1. Sankhani anthu ndi nyengo

Anthu akhale 8 mpaka 12. Akapitirira pamenepo, ena amatha milungu yonse osawerengako. Koma chachikulu n'chakuti ndani akhale moyang'anizana ndi ndani. Kuno kwa chikamwini, mkamwini sangawerenge nkhani ya mwamuna wotopa ndi kukhala pamudzi pa eni, apongozi ali pompo. Wothyola tiyi salemba za sikelo kapitawo wake ali pabenchi lomwelo. Mwana wa Fomu 3 akaona aphunzitsi ake amalemba zoti akhoze mayeso. Oterewa aikeni m'magulu osiyana. Osakwana zaka 18 akhale ndi bwalo lawolawo, makolo atadziwitsidwa.

Kuyambira Disembala mpaka Epulo musadzivutitse: tiyi ali pachimake, anthu ali kalikiliki kupalira ndi kubandira, mitsinje yadzaza. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti. Chiperoni chimavuta, inde, koma munthu wozizidwa amakhala pansi n'kulemba. Tsiku la msika wa kwanuko musalimbane nalo, mugonja ndinu.

Chenjezo: nenani poyera poitana kuti palibe alawansi. Ena sabwera. Asiyeni.

## 2. Pangano la tsiku loyamba

Nkhanga zidapangana kusanapse. Bolopeni isanakhudze pepala, lembani pabolodi malamulo anayi awa ndipo aliyense awakopere patsamba loyamba la kope lake.

Loyamba, zowerengedwa muno zitsala muno. Kujambula tsamba la mnzako n'kuponya pa WhatsApp ayi.

Lachiwiri, funso lakuti "Kodi zimenezi zinakuchitikiranidi?" n'loletsedwa, ngakhale panja pomwa tiyi.

Lachitatu, timakamba za mpangankhani, wolemba timamusiya. Timati, "Mayi wa m'nkhaniyi wandikwiyitsa." Sitinena kuti, "Achemwali, munalakwitsa kumusiya mwamunayo."

Lachinayi, aliyense akhoza kunena kuti "lero ndidutseni" ndipo safunsidwa chifukwa.

Chenjezo: woyamba kuswa lamulo lachiwiri amakhala inu wotsogolera, chifukwa cha chifundo. Munthu akatha kuwerenga nkhani yowawa mumapezeka mwanena kuti, "Pepani achimwene, mwadutsa m'zambiri." Apo mwamuvula kale chigoba pamaso pa onse. Nenani kuti "zikomo", dikirani pang'ono, kenako funsani gulu za mpangankhani.

Nthawi yotsalayo werengani mokweza nkhani ziwiri za munyuzipepala zija, osanena yomwe mumaikonda. Afunseni kuti ndi mwininkhani uti amene angamuzindikire atakumana naye padepoti.

## 3. Yambani ndi dzina

Aliyense alembe mndandanda wa mayina onse amene anaitanidwapo nawo chibadwire. Apatseni mphindi 5. Poyamba amati "ndili nalo limodzi", koma mukawakumbutsa amadzaza theka la tsamba: la kubadwa, la ubatizo kapena la kumzikiti, la kuchinamwali, lonyozedwa nalo kusukulu, la pantchito, "amake a uje", la pa Facebook. Ena ali ndi lija analembetsa pobwereza Sitandade 8, la msuweni amene anasiyira sukulu panjira, ndipo mpaka lero ndi lomwe lili pa satifiketi.

Kenako asankhe dzina limodzi, alembe kwa mphindi 15 za tsiku limodzi lokha limene wina anawaitana nalo. Anali ndani, anaima pati, ankafuna chiyani.

Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo ntchito imeneyi imakumba mozama msanga, choncho konzekani. Alhomwe ambiri adalowa kuno kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nakhala pa malo a azungu a minda posinthana ndi thangata. Ankatchedwa Anguru, dzina lomwe eni ake ankaliona ngati chipongwe, mpaka m'zaka za m'ma 1940 pamene Lewis Bandawe ndi anzake adalimbana kuti boma la atsamunda lilisiye. Chichewa chitakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ana ambiri adakula akumva Chilhomwe pokhapokha akuluakulu akafuna kubisa nkhani. Ndiyeno mu 2008 Mulhako wa Alhomwe udakhazikitsidwa ku Chonde, ndipo anthu amene dzulo ankabisa mtundu wawo lero akuvala nsalu yake. M'banja limodzi mumapezeka agogo amene adabisa dzina, bambo amene sadalidziwe, ndi mdzukulu amene akulifunafuna. Simufunika kuphunzitsa mbiri imeneyi. Ituluka yokha m'makope.

Chenjezo: musaganize kuti onse m'chipindamo ndi amtundu umodzi. Muli Amang'anja, Ayao, ndi mwana wa wogwira ntchito m'boma wochokera ku Rumphi amene anabadwira pa boma pompa ndipo kwawoko amamutcha mlendo. Wina akayamba kulankhula ngati ali pamsonkhano wandale, mufunseni kuti, "Tsiku lake linali liti, ndipo anakuitanani ndani?" Za kusimba zomwe munthu analumbira kusaulula, musamukakamize. Akhoza kulemba za tsiku lotuluka ndi maso a mlongo wake wamng'ono amene sanaloweko.

## 4. Chinthu cha m'manja

Loweruka lachiwiri aliyense abwere ndi chinthu chimodzi cha kunyumba chokwana m'thumba: mpeni wakutha, khadi lakale la kuntchito, kansalu, chipande, batire lakufa la foni yoyamba. Zithunzi ayi. Chithunzi chimamuchititsa munthu kufotokoza nkhope, pomwe chinthu chimamuchititsa kufotokoza manja amene ankachigwira.

Lamulo la tsikuli: mawu akuti chikondi, chisoni, umphawi, chikhalidwe ndi mavuto asapezeke patsamba. Alembeni pabolodi n'kuwadula mzere. Kenako onetsani kusiyana kwake ndi zitsanzo ziwiri.

"Agogo anga anali munthu wachikondi ndi wolimbikira ntchito. Anavutika kwambiri potilera."

"Paphewa pa agogo panali mizere iwiri yakuda pomwe pankadutsa zingwe za dengu. Ankati ndikawapaka mafuta ndiyambire pamenepo."

Woyambayo ndi gogo wa aliyense m'Malawi muno. Wachiwiriyo ndi gogo mmodzi yekha, ndipo wowerenga wa ku Karonga amene sanaonepo munda wa tiyi amuona ndithu.

Alembe mphindi 20 osaimitsa dzanja. Wina akauma mutu, alembe fungo. Fungo la mkungudza wa m'phiri, la kalongonda ali pamoto tsiku lonse, la tiyi wouma mphepo ikachokera kufakitale.

## 5. Sandutsani kukhala nkhani yopeka

Apa ndi pamene mabwalo ambiri amafera. Anthu alemba zokumbukira zokoma, aombera m'manja, ndipo wotsogolera akuganiza kuti ntchito yatha. Komatu zomwe zili m'makopemo ndi ufa chabe, nsima sinaphikidwe. Patulani Loweruka lachitatu lonse ndi theka la lachinayi.

Choyamba, "ine" asanduke "iye". Aliyense atenge zomwe analemba pa dzina kapena pa chinthu chija, azilembenso ngati akunena za munthu wina. Zimaoneka zazing'ono, koma mudzaona wina akuseka yekha, chifukwa kwa nthawi yoyamba waona kuti tsiku lija nayenso anali wamakani.

Chachiwiri, asinthe zinthu zitatu zikuluzikulu. Ngati wolemba ndi mwamuna, mwininkhani akhale mkazi. Ngati zinachitikira ku Luchenza, zipite ku Limbuli. Ngati anali malume, akhale mfumu kapena mkulu wa mpingo. Kusintha dzina lokha sikuthandiza: mudzi wonse ukudziwa amene ali ndi njinga yofiira ndi mwendo wotsimphina. Ambiri amakana poyamba, amati, "Koma sizinachitike choncho." Ayankheni kuti bwalo lino si la milandu ndipo palibe amene walumbira. Chomwe tikusunga ndi chija chimakugwirani pakhosi mukakumbukira tsikulo. Zina zonse n'zosinthika. Ndaona kuti zinthu zitatu zija zikangosinthidwa, munthu amalimba mtima n'kulemba chenicheni chomwe ankachizemba pamene nkhani inali ya "ine".

Chachitatu, mwininkhani afune kanthu, kakang'ono, kogwirika, lero lomwe. "Akufuna kudziwa kuti iye ndani" si chofuna cha munthu wamoyo. Palibe amadzuka m'mawa n'kunena choncho. Munthu amafuna ndalama ya thiransipoti, amafuna asamuone, amafuna munda. Nachi chitsanzo chomwe ndimapereka. Mtsikana wogwira ntchito mushopu ku Limbe wabwera kumaliro kumudzi. Akufuna akwere minibasi ya 4 koloko asanamuitane kuseri kwa nyumba kukakamba za munda umene malume akufuna kugulitsa. Agogo ake amugwira dzanja pakati pa azimayi n'kuyamba kumulankhula m'Chilhomwe, iye akungotolapo mawu awiri atatu, azimayi aja akudikira yankho. Palibe paliponse pomwe nkhaniyi ikufunsa kuti "ndine yani", koma funsolo lakhala pamphasa pomwepo.

Chachinayi, ikani maiko awiri a munthuyo m'chipinda chimodzi. Aliyense wa ife ali ndi nkhope ya kutchalitchi ndi ya kubawo, ya kutauni ndi ya kumudzi, ya pa foni ndi ya pakhomo. Nkhani imayamba pamene anthu awiri omudziwa mosiyana akumana. Mnyamata wobwera ku Joni amene ankatumiza zithunzi ataima pambali pa galimoto ya abwana ake, lero watsikira limodzi pa Chitakale ndi mnzake amene ankagona naye chipinda chimodzi ku Johannesburg, mayi ake atabwera kudzamulandira. Mtsogoleri wa kwaya amene ng'oma ya tchopa ikalira miyendo yake imayamba yokha. Afunseni olemba anu: ndi anthu awiri ati amene mwininkhani wanu sakufuna kuti akumane? Akumanitseni patsamba lachiwiri.

Chachisanu, ndipo ichi n'chowawa: aliyense alembe tsamba limodzi ndi maso a munthu amene akumuda m'nkhaniyo. Malume wogulitsa munda uja nayenso ali ndi mwana amene wasankhidwa kupita kusekondale ndipo fizi palibe. Tsamba limeneli mwina silidzalowa m'nkhani, koma malume adzasiya kukhala mfiti ya m'sewero, adzakhala munthu.

Chenjezo: musalole mwininkhani wopanda banga. Nkhani yoyamba ya munthu aliyense imakhala ya mwana wabwino wozunzidwa ndi dziko loipa. Funsani mofatsa kuti, "Nanga iyeyu ananamapo pati?"

## 6. Makutu kumsika

Ntchito ya kunyumba: aliyense apite kumsika, kuchigayo kapena akwere minibasi, abwere ndi ziganizo 5 zomwe wamva, monga momwe zinatulukira mkamwa, popanda mayina a eni ake. Wa ku Muloza adzabwera ndi chiganizo chimodzi chokhala ndi Chichewa, Chilhomwe ndi Chipwitikizi. Wa ku Bvumbwe adzabwera ndi momwe amayi a tomato amakanira mtengo osanena kuti ayi.

Mukaziwerenga mudzaona kuti anthu akakwiya sanena kuti akwiya. Olemba ongoyamba amalemba motere:

"Mdzukulu wanga, ndakhumudwa kwambiri chifukwa waiwala chikhalidwe chathu."

Gogo weniweni amati:

"Nsima yathu ino mudya, kapena tikugulireni buledi?"

Taonani kuti gogoyu wamupatsa mdzukulu wake ulemu wa "mu", ndipo ulemuwo ndiye mkwapulo wake. Chichewa chili ndi chida chimenechi mwaulere. Pamene "iwe" wasanduka "inu", kapena mkazi amene amati "bambo a uje" watchula mwamuna wake dzina, china chake chasweka. Aphunzitseni kuyang'anira malo amenewo.

Chenjezo: ampangankhani alankhule monga amalankhulira kwawo, kusakaniza ndi komwe. Za kalembedwe kovomerezeka muzione pomaliza, ndipo zikhudze mawu a wofotokoza nkhani. Mukayamba kuchonga ndi bolopeni yofiira sabata yachiwiri, wa Sitandade 6 uja amene ali ndi nkhani yabwino kuposa onse sabweranso.

## 7. Kuwerengerana

Njira imeneyi si yachilendo kuno. Gulu la alembi la ku Chancellor College, lomwe lidayamba mu 1970, linkakumana sabata ndi sabata kuwerengerana ndi kudzudzulana, ndipo mudatuluka alembi odziwika a dziko lino. Vuto lathu kumudzi ndi ulemu. Mtsikana wa zaka 20 sangauze bambo wa imvi kuti nkhani yawo ikugonetsa.

Ndiye lichero lija. Ulendo woyamba aliyense akopere tsamba limodzi papepala lapadera, osalemba dzina, aponye m'lichero. Inu sakanizani, aliyense atole limodzi awerenge mokweza. Mwini wake amakhala chete ngati si iye. Ena amazindikirika ndi kalembedwe ka dzanja, koma aliyense amachita ngati sakudziwa, ndipo kunamizira kumeneko n'kokwanira kumasula pakamwa.

Ulendo wachiwiri aliyense awerenge yake. Mphindi 7 kuwerenga, mphindi 8 kukambirana, wotchi ili poonekera. Wolemba sayankha mpaka kumapeto, amangolemba zomwe akumva. Gulu liyankhe mafunso atatu okha:

Ndi pati pamene munaona chithunzi m'maso mwanu?

Ndi pati pamene munasochera, kapena munayamba kuganiza za ndiwo zamadzulo?

Mwininkhani akufuna chiyani?

Funso lachitatuli likabweretsa mayankho asanu osiyana, wolemba wadziwa yekha pomwe pali ntchito.

Chenjezo: "Yabwino kwambiri, ili ndi phunziro" si ndemanga. Wonena choncho mufunseni chiganizo chimodzi chomwe wachikumbukira. Winanso woti mumuyang'anire ndi uja amati "ndikanakhala ine ndikanalemba kuti…" Ameneyo akulemba nkhani yake pamsana pa mnzake.

## Wina akalira

Zidzachitika. Muno muli anthu amene namondwe wa Freddy adawalanda abale ndi nyumba mu Malichi 2023, ndipo achikulire akukumbukirabe napolo wa ku Phalombe wa mu 1991. Ena nkhani yawo ndi ya m'nyumba momwe akugonamo lero.

Imitsani wotchi. Musathamangire kumugwira kapena kuyambitsa pemphero asanapemphe. Mufunseni ngati akufuna kupitiriza, kupatsa wina amalizitse, kapena kutuluka kaye ndi mnzake mmodzi. Pamapeto pa tsikulo lankhulani naye pambali. Inu ndinu wotsogolera zolemba, uphungu uli ndi eni ake. Ngati mwana waonetsa kuti akuchitidwa nkhanza panopa, pangano la chinsinsi lija lathera pamenepo: imbani 116 kapena pitani ku ofesi zija. Ana auzeni zimenezi tsiku loyamba lomwe, kuti asadzati munawapereka.

Ndipo musamuuze munthu kuti "lembani za Freddy, idzakhala nkhani yamphamvu". Akafuna adzalemba yekha, mwina patapita zaka, mwina polemba za mbuzi imene inapulumuka.

## 8. Kudula mutu ndi mchira

Loweruka lachisanu ndi la kulembanso. Uzani aliyense aphimbe ndime yoyamba ndi dzanja, awerenge kuyambira yachiwiri. Kawirikawiri palibe chotayika, chifukwa yoyambayo imakhala ya dzuwa likutuluka, mbalame zikuimba, phiri la Mulanje litavala mitambo. Phirilo tonse timaliona. Lilowe m'nkhani pokhapokha mwininkhani ali nalo chochita, monga wonyamula katundu wa alendo amene wakwera njira ya ku Likhubula kosawerengeka koma ku Sapitwa amakana kufika.

Kenako aphimbe ndime yomaliza. Pamenepo ndi pamene pamabisala "kuyambira tsiku limenelo anazindikira kuti…" Nthano ya pamoto imatha ndi phunziro chifukwa omvera ake ndi ana. Wowerenga wanu ndi wamkulu. Nkhani ikangodutsa pampondachimera, ithe ndi chochitika: mtsikana uja wakwera minibasi, kapena waisiya yadutsa.

Pomaliza aliyense awerenge nkhani yake mokweza ali yekha panja. Pomwe lilime lapunthwa, chiganizo chili ndi vuto.

## 9. Tsiku lomaliza

Aliyense aitane mlendo mmodzi kapena awiri amene wawasankha yekha. Wosafuna kuwerenga asawerenge. Amene akufuna kutumiza nkhani kunyuzipepala, kuwailesi kapena kumipikisano yomwe bungwe la alembi la MAWU limalengeza, athandizeni kutayipa, ndipo asunge kope lawo loyamba. Asanatumize afunseni funso limodzi: mayi anu akamva nkhaniyi pawailesi, adzazindikira ndani? Yankho likawadetsa nkhawa, abwerere ku sitepe 5 akasinthe chinthu china kuwonjezera pa zitatu zija, kapena agwiritse ntchito dzina lina.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Wotsogolera kulankhula ola lathunthu. Mukaona kuti mwadutsa mphindi 10 mukufotokoza, khalani pansi. Theka la nthawi ya tsiku lililonse likhale la bolopeni.

Wotsogolera osalemba nawo. Mukamayendayenda kumbuyo kwa anthu manja ali kumsana, chipinda chimasanduka cha mayeso. Lembani nawo, ndipo tsiku loyamba werengani zanu poyamba, zosapsa bwino zomwezo.

Kusandutsa nkhani kukhala uthenga wa bungwe. Wina akakuthandizani ndi makope n'kupempha kuti nkhani zonse zikhale zoletsa maukwati a ana kapena kudula mitengo, mudzalandira nkhani 12 zofanana, zonse zothera kwa mfumu ikupereka chilango. Nkhani zoterozo zili ndi malo ake. Kambiranani poyamba kuti bwalo lino mitu amasankha ndi olemba.

Kuganiza kuti za chikhalidwe ndiye zakale zokha. Mnyamata wotchaja mafoni pa Chitakale, wokonda timu ya mpira ya ku England, amene agogo ake amavina tchopa, safunika kuvekedwa chikopa kuti nkhani yake ikhale yathu.

Kupha mwininkhani chifukwa tsamba latha. Ngozi ya galimoto, matenda adzidzidzi, kapena "anadzidzimuka, anali maloto". Letsani zitatuzi pa nkhani yoyamba.

Kulola mmodzi kudya nthawi ya onse. Amakhalapo nthawi zonse, kawirikawiri ndi amene anasindikizapo kanthu. Mpatseni ntchito yosunga wotchi.

Kusunga makope a anthu pamalo a eni. Chaka china ndinatolera makope onse kuti asanyowe ndi chiperoni, n'kuwasiya m'kabati ya kalasi yomwe tinabwereka. Kabatiyo inalibe loko. Lolemba ana asukulu anawapeza, ndipo pofika Lachitatu nkhani ya mayi wina inali ikuseweredwa pabwalo la mpira, mawu ake omwe. Mayiyo sanabwerenso, ndipo tikakumana pamsika amandipatsa moni wa ulemu wonse. Makope azipita ndi eni ake. Amene akuopa kuti kunyumba wina awerenga, lake likhale m'chikwama chanu, ndipo chikwamacho chizigona kumene mukugona inu.